Lachinayi kwa Yotamu Wometa

Lachinayi lililonse, dzuwa likabisala kuseri kwa Kanjala,
Yotamu amapachika makina ometera pamsomali
n'kutembenuza kanema kuti ayang'ane kukhomo.
Timapanikizana pabenchi, ena pamakireti,
tsitsi la anthu a ku Kapata lili mbwee kumapazi kwathu.

Sabata yachisanu ndi chinayi tsopano
mwini chigayo ali chigonere m'chipinda chokhoma,
kiyi ali m'thumba mwake momwe,
tiyi akufuka nthunzi patebulo,
ndipo wapolisi wa chipewa chopendekera uja
akungofunsa amene sadziwa kanthu.

"Bodza!" akutero a Sandikonda,
amene anakalambira kumochale ya chipatala chachikulu.
"Thupi louma gwa chonchija, tiyi n'kumafukabe?
Ndasambitsa mitembo ine, musandiuze.
Munthu sauma tiyi asanazizire."

"Siyani za tiyi," Mzondi wakabaza wadumphira.
"Mlamu uja akuti anachoka kudepoti folo koloko,
mphindi khumi wafika kuchigayo.
Chikweza chonsecho? Mvula ili pwata pwata,
buluku lopanda ngakhale dontho la matope?
Funsani akatumba angawa, mtunda amaudziwa."

Velenasi telala sayang'ana nkhope, amayang'ana misoko.
"Batani. Palibe waona batani?
Sabata yatha jekete la namfedwa linali ndi atatu,
lero anayi, lomalizalo ulusi wake wofiira."
"Aiwala chabe opanga sewero."
"Saiwala! Aika dala!"
"Nanga zenera?"
"Lili ndi zitsulo."
"Mwana angapite."
"Mwana wa yani? Sanationetsepo mwana!"
"Ndiye chinsinsi chakecho, wagona iwe."

Makwacha makumi awiri agwa pampando wometera,
Yotamu wawapsinja ndi botolo la sipiriti.
Wapolisi wasonkhanitsa onse pabalaza,
wavula chipewa, wakweza chala,
chala chayamba kuzungulira ngati muvi wa wotchi,
chadutsa mlamu, chadutsa wantchito,
chikutsika pang'onopang'ono

thii.
Magetsi apita.

Tinatukwana mumdima, aliyense m'chinenero cha kwawo.
Kenaka pakhomo, pamene amakhala ndi beseni la mtedza wokazinga,
amai Tisauke anakhosomola.
Masabata onsewa sanalankhulepo.

"Mufuna zonse zilumikizane, eti?
Bambo a Lekitina anapita ku Mwami kukasintha ndalama,
Loweruka m'mawa, atavala malaya osasita.
Anati ndisawasungire ndiwo, sachedwa.
Njinga yawo tinaipeza yotsamira pamtengo wa mango,
yokhoma bwinobwino ndi loko wake.
Koma kiyi anamuiwala kunyumba tsiku limenelo.
Ndi uyu, ndimamangirira kumpango.
Analipo mmodzi yekha.
Chaka chakhumi ndi chimodzi chino.
Longosolani chimenecho, a Sandikonda,
inu odziwa nthawi imene munthu amauma."

Palibe anayatsa tochi ya foni.
Kunja njinga yamoto inadutsa, kuwala kwake
kunasesa kalilole n'kutipeza tonse tazolika.
Wina anaphwanya mtedza ndi mano, n'kuchita manyazi ndi phokosolo.

Pamene magetsi anabwerera
maina anali kukwera kale pagalasi,
nyimbo yotsekera ikulira ngati palibe chachitika.
Yotamu anabweza ndalama, aliyense zake.
A Sandikonda anagula mtedza wonse wotsala
ngakhale mano anawathera kalekale.
Mzondi anapukuta kaliyala ndi chipewa:
"Kwerani amai, ku Nabvutika ndi njira yanga,"
chonsecho tonse tidziwa kuti amagona ku Mchini.

Ine ndinatsala kuthandiza kusesa tsitsi.
Velenasi anafika pamsewu, anaima,
anabwerera n'kusuzumira pakhomo,
mawu atatsitsa ngati ali pamaliro:
"Komabe, anthu inu,
batani lija."